Malasha Adaleka Kutuluka ku Zollverein, Nsanja Idakalipo

Pa 23 Disembala 1986, kutatsala masiku awiri kuti Khirisimasi ikwane, mgodi wa malasha wa Zollverein ku Germany udatsekedwa. Unali womaliza mumzinda wa Essen. M'chigawo cha Ruhr, momwe muli mzindawu, mgodi ukatsekedwa anthu ankadziwiratu chotsatira: nyumba kugumulidwa, zitsulo kugulitsidwa. Koma uwu udapulumukira m'kamwa mwa mbuzi, poti masiku ochepa usanatsekedwe boma lidalamula kuti nyumba zake zikuluzikulu zisakhudzidwe.

Mgodiwu adauyambitsa ndi Franz Haniel mu 1847, ndipo malasha adayamba kutuluka mu 1851. Chidautchukitsa ndi chigawo cha Shaft XII, chomwe Fritz Schupp ndi Martin Kremmer adajambula mapulani ake, n'kutsegulidwa mu 1932. Patsiku chinkatulutsa matani 12,000. Akatswiri awiriwa sadafune zokometsera. Adangoimika mafelemu achitsulo n'kutsekamo ndi njerwa zofiira, mizere yake yowongoka ngati yojambula ndi lula. Pakati padaima nsanja ya mamita 55, miyendo tang'a uku ndi uku, mawilo okoka zingwe za chikepe ali pamwamba. Mpaka lero imaonekera patali.

Ng'anjo zootchera malasha za pamalopo zidazima mu 1993, ndipo mu 2001 bungwe la UNESCO lidaika malo onsewo m'kaundula wa chuma cha dziko lonse.

Nyumba yomwe ankatsukiramo malasha tsopano ndi Ruhr Museum. Mlendo amakwerako pa masitepe oyenda okha, owala ngati chitsulo cha pamoto, ndipo m'kati amadutsa pakati pa makina akale omwe adasiyidwa pomwe adaimira. Nyengo yozizira ana amaseweretsa nsapato zotsetsereka pa madzi oundana m'mbali mwa ng'anjo zija.

Ine zimenezi sindidana nazo, chifukwa nyumba yopanda anthu sichedwa kugwa. Nkhawa yanga ili pa kukongolako. Njerwa zotsukidwa bwino sizinena za fumbi lomwe lidadya mapapo a anthu okumba, kapena za akaidi ndi alendo omwe adakakamizidwa kugwira ntchito m'migodi ya Ruhr pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Osunga malowa asatope kuitchula mbiri imeneyi, makamaka tsopano pomwe eni mbiriyo akutha: mgodi womaliza wa malasha a mwala ku Germany, Prosper-Haniel wa ku Bottrop, udatsekedwa mu Disembala 2018.