Kaundula wa lamya: zomwe makina amalemba mukaimba foni

Munthu wa kwa Chigaru akaima pamsika wa Lirangwe n'kuimbira m'bale wake ku Limbe, macheza awo amatha akadula foni. Koma m'makina a kampani ya lamya mumatsala mzere umodzi wofotokoza za kuimbako. Akatswiri amautcha mzerewu call detail record, mwachidule CDR.

Mzerewu susunga mawu omwe anthu alankhula. Umasunga nambala yoimba, nambala yoimbiridwa, tsiku, nthawi komanso masekondi omwe awiriwo atha akulankhula. Pa lamya za m'manja pamalembedwanso nambala ya foniyo yotchedwa IMEI, yomwe imakhala ndi manambala 15, ndi chizindikiro cha nsanja ya netiweki yomwe yanyamula mawuwo. Choncho woimba ali ku Lirangwe m'mawa, n'kudzaimbanso ali ku Chileka madzulo, amasiya mapazi a ulendo wake m'kaundulamo.

Mizere yonseyi imasungidwa m'nkhokwe ya pakompyuta yotchedwa database. Mkati mwake muli matebulo ofanana ndi kaundula wa kusukulu: mzere uliwonse ndi kuimba kumodzi, ndipo danga lililonse lili ndi chinthu chake.

Maofesi omwe ali ndi makina awoawo olumikizira lamya amachitanso chimodzimodzi. Chitsanzo ndi pulogalamu ya Asterisk, yomwe Mark Spencer adayambitsa ku America mu 1999. Katswiri amayamba wapanga tebulo lokhala ndi madanga monga src la woimba, dst la woimbiridwa ndi calldate la tsiku ndi nthawi. Kenako amauza makinawo komwe kuli nkhokweyo, dzina lolowera ndi mawu achinsinsi, ndipo amaimba koyesera kuti aone ngati mzere walembedwa.

Madanga awiri amasokoneza ambiri. La duration limawerenga nthawi yonse, kuphatikizapo pomwe foni imangoitana, pomwe la billsec limayamba kuwerenga munthu akayankha. Wolipiritsa potengera danga loyambalo amadyera anthu masuku pamutu. Wotchi ya makina nayo iyenera kutcheredwa bwino: nthawi ya ku Malawi ili patsogolo ndi maola awiri poyerekeza ndi ya GMT, ndiye kulakwitsa pamenepa kumachititsa kuti kaundula yense aname.

Ntchito yoyamba ya kaundulayu ndi kuwerengetsera ndalama. Makampani monga TNM ndi Airtel amamudalira pofuna kudziwa mayunitsi omwe kasitomala wagwiritsa ntchito, komanso ndalama zomwe ayenera kulipirana foni ikadutsa kuchoka pa netiweki ina kupita pa inzake. Amathandizanso kubwalo la milandu. Pamlandu wokhudza kuwomberedwa kwa Paul Mphwiyo mu September 2013, kaundula wa mafoni adali mbali yaikulu ya umboni.

Mphamvu yomweyi ndiyo imadzetsa nkhawa. Bungwe la MACRA litagula makina a CIRMS oti lizionera lokha kuchuluka kwa mafoni oimbidwa ndi momwe makampani akutumikirira anthu, ena adawatcha makina aukazitape ndipo adakamang'ala kukhoti. Bwalo lalikulu la apilo lidagamula mokomera MACRA mu 2014. Kuyambira mu 2018, pomwe kulembetsa simukhadi kudakhala kokakamiza, nambala iliyonse m'tebulomo imaloza kwa munthu wodziwika dzina.

Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu, kuphatikizapo mauthenga a palamya, ndipo lamulo loteteza mbiri ya anthu la 2024 lidapatsa MACRA udindo woyang'anira kasungidwe kake. Motero wotchera makina otere asalekere pongoona kuti mizere ikulembedwa. Ayeneranso kukhazikitsa amene angaloledwe kuiwerenga komanso nthawi yomwe idzafufutidwe.