Njira ya ku Cipatala: Zaka 50 za Kunyamulana

Pamene tikondwerera zaka 50 za mpingo wathu pano pa Mkaika, tiyenera kukumbukira nchito imodzi imene siilembedwa kawirikawiri m'mabuku a misonkhano: kufikitsa wodwala ku cipatala nthawi isanathe.

Zipatala zimene makolo athu anadalira zinabadwa m'manja mwa mipingo. Amishoni a Dutch Reformed anatsegula mishoni ya Nyanje mu 1905, ndipo cipatala cake cikali kuthandiza anthu m'boma la Sinda. Mu 1948 Bambo Francis Trefusis, wansembe wa Anglican amenenso anali dokotala, anayambitsa cipatala ca St Francis ku Katete. Dr James Cairns anatsogolera cipatalaco kuyambira 1958 mpaka 1996. Koma cipatala sicipita kumudzi. Mayi amene wavutika pobereka, mwana amene malungo amuthera magazi, kapena mlimi wolumidwa ndi njoka, anafunika macila, ngolo kapena njinga, ndiponso anthu ovomera kudzuka pakati pa usiku.

Mayeso aakulu anabwera m'zaka za m'ma 1980, pa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo. Ku Mozambique zipatala zazing'ono zambiri zinatenthedwa kapena kutsekedwa, ndipo anamwino anathawira m'matauni. Abale athu a m'cigawo ca Tete, ambiri a iwo Acewa anzathu ogwadira Kalonga Gawa Undi, anatsala opanda kothawira akadwala. Anayamba kudutsa malire, ena ndi mabala a zipolopolo, ena ataponda mabomba okwirira pansi. Mu 1987 boma linatsegula malo a othawa nkhondo ku Ukwimi, m'boma la Petauke, ndipo m'caka comweco a Renamo anayamba kulowa m'midzi ya m'malire mwa Zambia. Anthu ankagona kuthengo, ndipo kuyenda usiku kunali kuika moyo paciswe. Ngakhale zinali tero, odwala anafikabe ku St Francis ndi ku Nyanje, cifukwa panali owanyamula, owaphikira phala ndi owagoneka pakhomo osafunsa kuti ndi a mpingo uti. Nkhondoyo inatha ndi pangano la mtendere limene linasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992.

Mfuti zitaleka kulira, Edzi inali itadzaza kale mawodi, ndipo m'zaka za m'ma 1990 anthu anayamba kulipira m'zipatala. Ambiri ankacedwa kunyumba posowa ndalama. Apa ndipo mipingo inakhazikitsa magulu osamalira odwala kumudzi, amayi ndiwo anatsogola. Mu Epulo 2006 boma la a Levy Mwanawasa linacotsa malipiro m'zipatala za kumidzi. M'caka comweco bungwe la Central Board of Health linathetsedwa, nchito yake n'kubwerera ku unduna wa zaumoyo. Mu 2008 bungwe la Transaid linabweretsa maambulansi a njinga 40 m'maboma a Katete, Petauke ndi Chipata, ndipo opalasa anali anthu odzipereka a m'midzi momwemo.

Mu 2025 dziko la America linacepetsa thandizo lake pa zaumoyo, kutikumbutsa kuti mabungwe amabwera n'kupita, koma wodwala sadikira. Tsono inu ana athu amene mudzaone zaka 50 zikubwerazi, sungani mwambo umenewu. Mudzi uliwonse udziwe amene ali ndi ngolo kapena njinga yamoto, nambala ya foni ya cipatala ikhale ndi akulu a mpingo, ndipo kathumba ka ndalama za ulendo wadzidzidzi kasamaume. Amayi apakati tiziwaperekeza msanga kukadikirira ku cipatala, ndipo amene ali ndi thanzi asaope kupereka magazi. Paja akulu anati mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako. Mulungu amene anasunga makolo athu m'njira zimenezi atisungenso ife.