Anyamata Amene Anaphunzitsa Kompyuta Kumva Kuzizira

Tiyambe ndi funso: bilu ya gasi ndi magetsi ya mwezi watha munailandira ndi nkhope yotani? Inu a ku Leeds, Nottingham ndi Glasgow, chaka cha 2022 simunachiiwale. Mu Okutobala 2021, banja wamba ku Britain linkayembekezeka kulipira mapaundi 1,277 pachaka. Pofika Epulo 2022 mtengowo unali pa 1,971, ndipo mu Okutobala boma linachita kulowererapo kuti uime pa 2,500. Ambiri tinkavala majuzi awiri m'nyumba, hita ili yozimitsa, kuti ndalama yotumiza kumudzi isachepe. Nanunso a ku Joni mukuchidziwa chisanu cha mu Julaye, chija chimakupezani mpaka m'bulangete.

Nyumbatu imadya ndalama kawiri. Imadya poimanga, kenako imadya mwezi ndi mwezi mpaka idzagwe. Padziko lonse, nyumba ndi maofesi zimatha pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zonse zimene anthu timagwiritsa ntchito. Chimene ambiri sitidziwa n'chakuti kadyedwe kachiwirika kangathe kuwerengedwa njerwa yoyamba isanayalidwe. Lero ndikuuzani mmene nzeru imeneyi inayambira, ndipo mudabwa kumva kuti ena mwa amene anaipititsa patsogolo anali ana asukulu.

Tibwerere mu Okutobala 1973. Ku Middle East kunabuka nkhondo pakati pa Israel ndi mayiko a Egypt ndi Syria. Mayiko a Aluya ogulitsa mafuta anachepetsa mafuta opita kunja, ndipo anasiyiratu kugulitsa kwa mayiko ena amene ankathandiza Israel. M'miyezi yochepa chabe, mgolo umodzi wa mafuta unachoka pa madola pafupifupi 3 kufika pafupifupi 12. Ku Britain zinthu zinafika poipa chifukwa panthawi yomweyo ogwira ntchito m'migodi ya malasha anali pa mkangano ndi boma la Edward Heath. Kuyambira Januwale mpaka Malichi 1974, makampani ambiri ankaloledwa kugwiritsa ntchito magetsi masiku atatu okha pamlungu. Wailesi zakanema zinkatseka hafu pasiti teni usiku. Tangoganizani, dziko lolemera choncho, anthu akugwira ntchito poyatsa makandulo.

Apa m'pamene maboma anayamba kufunsa kuti kodi mphamvu zonsezi zikupita kuti. Yankho lina linali lochititsa manyazi: zikutuluka kudzera m'makoma, m'mazenera ndi m'madenga. Kwa zaka zambiri mafuta anali otchipa, choncho omanga sankavutika mutu. Injiniya ankatenga tsiku lozizira kwambiri pachaka, n'kuwerengetsa papepala kutentha kumene kungathawe, n'kuwonjezerapo kena kuti asadzadzudzulidwe, basi n'kugula chimakina chachikulu chotenthetsera. Masamu amenewo ankayankha funso limodzi lokha, la kukula kwa makina. Funso lakuti nyumbayi idzadya zingati chaka chonse, ankangoliyankha moyerekeza.

Vuto lake nali. Khoma si pepala. Limamwa kutentha masana n'kukusunga, kenako n'kumakutulutsa pang'onopang'ono usiku. Inu amene munakulira m'nyumba ya njerwa zootcha, mukukumbukira kuti khoma la kumadzulo limakhala lofunda ngakhale dzuwa litalowa kalekale. Ndiye onjezanipo dzuwa limene likusuntha ola lililonse, mphepo yolowera pansi pa chitseko, ndi anthu okhalamo, pakuti munthu atangokhala phee amatulutsa kutentha kwa mawati pafupifupi 100. Chilichonse chikukhudza chinzake, ndipo chaka chili ndi maola 8,760. Masamu oterewa ndi pensulo simungawathe.

Ena anali atayamba kale kuyesa pa kompyuta. Ku America, Tamami Kusuda wa ku National Bureau of Standards anawerengetsapo m'zaka za m'ma 1960 mmene kungatenthere m'zipinda zapansi panthaka zobisalamo pa nkhondo ya mabomba a nyukiliya, anthu atadzazamo. Kuchokera pa ntchito imeneyo analemba pulogalamu yotchedwa NBSLD. Koma chimene chinachititsa kuti nkhaniyi ikhale ya aliyense ndi vuto la mafuta lija.

Tsopano tipite ku Glasgow, pa yunivesite ya Strathclyde. Sukulu imeneyi ili ndi ubale ndi ife. Inachokera ku sukulu ya Anderson, kumene David Livingstone, mwana wa ku Blantyre ya ku Scotland, anayamba kuphunzira zaudokotala mu 1836. Inakhala yunivesite mu 1964, chaka chomwe Malawi analandira ufulu. Pamenepo, mu 1974, wophunzira wina dzina lake Joe Clarke anayamba kafukufuku wa digiri ya PhD. Cholinga chake chinali kulemba pulogalamu yoti ikhale ngati nyumba yeniyeni m'kati mwa kompyuta. Anaitcha ESP, ndipo pambuyo pake inadziwika kuti ESP-r, chilembo chomalizacho chikuimira kafukufuku.

Imagwira ntchito bwanji? Tiyerekeze kuti mwatenga khoma n'kulidula timagawo tating'ono, ngati mukudula buledi. Mwachitanso chimodzimodzi ndi denga, pansi ndi magalasi, ndipo mpweya wa m'chipinda chilichonse mwauwerenga ngati kagawo pakokha. Kagawo kalikonse kali ndi lamulo limodzi: kutentha kolowa, kuchotsapo kotuluka, kotsalako ndiko kwasungidwa. Zili ngati kaundula wa banki m'khonde, ndalama siingosowa popanda wofotokoza. Kenako mumapatsa kompyuta nyengo ya chaka chathunthu ya dera limenelo, ola ndi ola: dzuwa, mphepo, chinyezi, kutentha kwa panja. Kompyuta imawerengetsa timagawo tonseto nthawi imodzi, n'kusunthira patsogolo pang'ono, n'kuwerengetsanso, mpaka chaka chithe. Pomaliza imakuuzani kuti chipinda chogona chidzatentha kufika pati mwezi wakutiwakuti, ndi kuti hita idzadya zingati. Mukafuna, mumakulitsa zenera kapena kusintha denga n'kuyesanso. Mukalakwitsa m'kompyuta simutaya thumba la simenti ngakhale limodzi.

Musaganize kuti inali ntchito yofewa. Mapulogalamu otere ankalembedwa m'chinenero cha Fortran, ndipo m'mayunivesite ambiri nthawi imeneyo mzere uliwonse unkabooledwa pa khadi lakelake. Munkanyamula bokosi la makhadi kukapereka kwa oyang'anira kompyuta, n'kudikira maola angapo kapena mpaka mawa. Mukalakwitsa chilembo chimodzi, zonse zabwerera. Foni imene mukuwerengerapo nkhaniyi ndi yamphamvu kutalitali kuposa makompyuta amenewo. Clarke anamaliza digiri yake mu 1977, ndipo mu 1985 anatulutsa buku la Energy Simulation in Building Design, limene mainjiniya a ntchito imeneyi amaliwerengabe.

Tsidya lina la nyanja, ku yunivesite ya Wisconsin mumzinda wa Madison, kunali wophunzira wina, Sanford Klein, mu labotale yofufuza za mphamvu ya dzuwa ya aphunzitsi John Duffie ndi William Beckman. Funso lawo linali la madzi ndi nyumba zotenthetsedwa ndi dzuwa: kodi chotolera dzuwa cha padenga chikule bwanji, thanki ikule bwanji? Klein ndi anzake anapanga pulogalamu ya TRNSYS, imene inatuluka mu 1975. Nzeru yake inali yoti chipangizo chilichonse, kaya pampu, thanki kapena paipi, chikhale kachidutswa pakokha, ndipo wogwiritsa ntchito azilumikiza tizidutswato mmene pulambala amalumikizira mapaipi. Patha zaka pafupifupi makumi asanu, koma pulogalamuyi ikugwirabe ntchito.

Boma la America nalo silinagone. Mu 1975 bungwe la mainjiniya la ASHRAE linatulutsa muyezo wa 90-75, wonena za kusamala mphamvu m'nyumba zatsopano. Mu 1977 kunakhazikitsidwa unduna wa zamphamvu, umene unathandiza pulogalamu ya DOE-2 ku labotale ya Lawrence Berkeley. Asilikali anali ndi yawo, BLAST. Patapita zaka, anaona kuti mutu umodzi susenza denga, natenga zabwino za mapulogalamu awiriwa n'kupanga EnergyPlus, imene inatuluka mu 2001. Chaka chotsatira, mu 2002, a ku Strathclyde anatsegula ESP-r kuti aliyense aitenge, aone mmene inalembedwera, ngakhale kuisintha. EnergyPlus nayonso lero ndi yaulere pa intaneti.

Koma ndisakunamizeni, kompyuta si mlosi. Mapulogalamu osiyana akapatsidwa nyumba imodzimodzi, nthawi zina ankapereka mayankho osiyana kwambiri, mpaka mu 1995 akatswiri anakonza mayeso otchedwa BESTEST oti azigwirira zolakwika. Ngakhale lero, nyumba zambiri zikamangidwa zimadya kuposa mmene kompyuta inanenera. Zifukwa zake mukuzidziwa: mmisiri anasiya mpata pa felemu ya zenera, kapena wokhalamo amayatsa hita zenera lili lotsegula. Komanso nyengo imene timapatsa kompyuta kawirikawiri imayezedwa pa mabwalo a ndege. Nyengo ya ku Chileka si ya ku Nsanje, ndipo si ya ku Dedza. Mukaipatsa zabodza, ikubwezerani zabodza zokonzedwa bwino.

Inu a ku Harare, umboni wa nzeru ya khoma losunga kutentha muli nawo pakati pa tauni. Nyumba ya Eastgate, imene anajambula Mick Pearce mothandizana ndi mainjiniya a Arup, inatsegulidwa mu 1996. Usiku mafani amakankha mpweya wozizira kudutsa m'konkire, ndipo masana konkireyo imamwa kutentha kwa m'maofesi. Mpweya wotentha umakwera n'kutulukira m'machumuni a padenga. Pearce ananena yekha kuti anaphunzira kwa chiswe ndi chulu chake.

Nanga zikukukhudzani bwanji? Ambiri a ife tikumanga kumudzi. Timatumiza ndalama, achimwene amatitumizira zithunzi pa WhatsApp, ife n'kumakondwa kuti yafika pa lintala. Pulani tinaitenga kwa mnzathu, kapena tinaiona pa Facebook: magalasi akuluakulu, denga lopanda mthunzi. Timafunsa mtengo wa malata ndi matailosi, koma sitifunsa kuti mu Okutobala m'nyumbamo mudzagonedwa. Kwathu dzuwa limadutsa pamwamba penipeni, choncho denga ndilo limalandira moto wambiri, kenako makoma a kum'mawa ndi kumadzulo. Ndiye ngati malo alola, mbali zitalizitali za nyumba ziyang'ane kumpoto ndi kum'mwera. Kumadzulo mazenera achepe, pakhale khonde kapena mtengo. Pansi pa malata pakhale siling'i ndi potulukira mpweya wotentha, ndipo mazenera ayang'anizane kuti mphepo izidutsa. Agogo athu ankadziwa zimenezi pofolera ndi udzu wochindikala ndi kutulutsa denga mpaka kuphimba khonde. Chimene kompyuta yawonjezera ndi manambala, kuti mudziwe ngati ndalama yanu ipindule kwambiri pa siling'i kapena pa khonde. Safunsa anadya phula, abale. Musanatumize ya malata, funsani wojambula pulani kuti chipinda cha amayi chayang'ana kuti.

Mawu omaliza apite kwa iwe mphwanga, iwe mchemwali wanga, amene ukuphunzira uinjiniya kapena zamakompyuta ndipo ukusowa mutu wa kafukufuku. Clarke ndi Klein sanali mabwana pamene ankayamba. Anali ophunzira amene anagwira funso limodzi n'kusalitaya. Zina mwa zida zimene iwo anavutikira, iwe ungazitsitse usiku uno osalipira kanthu. Tenga nyumba ya kwanu kapena kalasi imene unaphunziramo, uiyeze ndi tepi, uike kachipangizo koyezera kutentha m'kati kwa mwezi umodzi, kenako uimange m'kompyuta n'kuona ngati manambala akugwirizana. Akasiyana, usakhumudwe, pamenepo m'pamene kafukufuku wako wayambira. Ukapeza yankho, udzatiuze tonse amene tikumanga.