Kuunika Mitsempha ya mu Ubongo ndi CT

Iyi ndi njira yoonera mitsempha ya magazi ya m'mutu popanda opaleshoni. Wodwala amagona chagada pakabedi kolowa m'makina obulungira. Amamubaya pamkono mankhwala a ayodini, thupi n'kumva kutentha kwa kamphindi, mitsempha n'kuwala mbee pachithunzi. Apa dokotala amaona potsekeka kapena potupa, ngakhale kuti kwa wodwala impso mankhwalawa amafunika kusamala nawo. Makina a CT anapangidwa ndi Godfrey Hounsfield, ndipo anaunikira wodwala woyamba ku London mu 1971.

Wodwala sitiroko wotumizidwa kukaunikidwa motere kuchipatala cha UTH ku Lusaka kuchokera ku Petauke kapena Nyimba amatha maola angapo pamsewu wa Great East, kuwoloka Luangwa, pomwe ubongo sudikira. Pakamwa pakangopotoka mwadzidzidzi, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo.