Kulowa m'dziko potengera mapointi: chitsanzo cha Britain

Iyi ndi ndondomeko imene boma limasankhira alendo poona luso, maphunziro ndi ntchito imene apeza, osati ubale. Canada inayamba kuwerengera anthu mapointi mu 1967. Britain inakhazikitsa ndondomeko yake yatsopano mu Januwale 2021 itatuluka mu European Union: wofuna visa ya ntchito amafunika mapointi 70, ochokera pa zinthu monga bwana wovomerezeka ndi boma, Chingerezi ndi malipiro.

Povuta ndi pa banja. Kuyambira pa 11 Malichi 2024, olembedwa kumene ntchito yosamalira okalamba analetsedwa kubwera ndi akazi, amuna kapena ana awo. Mayi amasambitsa gogo wa eni ku Leeds, wake mwana akukulira kwa azakhali ku Zomba kapena ku Harare, kumangoonana pa WhatsApp. Mu Epulo 2024, ndalama zimene nzika ya Britain kapena wokhazikika m'dzikomo woitanitsa mkazi kapena mwamuna wake ayenera kulandira pachaka zinakwera kuchoka pa £18,600 kufika pa £29,000. Kuitanitsa kholo n'kovutiratu: liyenera kukhala lofunika chisamaliro chimene silingachipeze kwawo.

Malamulowa amawerengera manja a wantchito, koma amaiwala anthu amene manjawo amadyetsa, ndipo pamenepa n'polakwika.