Czerny, Mphunzitsi wa ku Vienna Amene Akulimbitsabe Zala za Ana

Ana ambiri ophunzira piyano amakumana ndi dzina la Carl Czerny pachikuto cha buku, ndipo si onse amalikonda. Mkatimo muli tinyimbo tolimbitsa zala: kwera, tsika, bwereza, mpaka dzanja lizolowere. Ochepa ndiwo amauzidwa kumene khama limeneli linachokera.

Czerny anabadwira ku Vienna mu 1791. Anamuyambitsa piyano ndi bambo ake, omwenso anali mphunzitsi. Atakwana zaka pafupifupi 10, bambo akewo anapita naye kwa Ludwig van Beethoven, yemwe atamva kalizidwe ka mwanayo anavomera kumuphunzitsa. Beethoven sanathamangire nyimbo zikuluzikulu ayi. Anamubweza poyambira penipeni: kaikidwe ka dzanja, ntchito ya chala chachikulu, ndi kulumikiza manotsi kuti mawu asamadukeduke. Anamuuzanso kuti azibwera ndi buku la C.P.E. Bach la mu 1753. Mu 1812, konsato yachisanu ya piyano ya Beethoven italizidwa koyamba pagulu ku Vienna, amene anakhala pa piyano anali Czerny.

Komabe mtima wake sunali pa kutchuka. Pa zaka 15 anali atayamba kale kuphunzitsa, ndipo pambuyo pake ankagwira ntchitoyi kuyambira m'mawa mpaka usiku, kulemba nyimbo kukubwera pamwamba. Manambala a nyimbo zake zosindikizidwa amafika 861.

Mu 1822 kunabwera mnyamata wochokera ku Hungary, Franz Liszt, wobadwa mu 1811. Mphatso anali nayo yochuluka, koma zala zinkangoyenda mwachisawawa. Czerny anamuphunzitsa osamulipiritsa kanthu, ndipo anamuchitira zomwe iye anachitiridwa: kumubweza poyambira, n'kumupatsa nyimbo za Clementi. Liszt sanaiwale. Atatchuka mu Ulaya monse, buku lake la nyimbo 12 zovuta kwambiri, la mu 1852, analipereka m'dzina la mphunzitsi wakeyo. Wophunzira wina wa Czerny, Theodor Leschetizky, anadzaphunzitsa akatswiri a piyano Paderewski ndi Artur Schnabel.

Chimene chimandipweteka n'chakuti aphunzitsi ena anatenga mabuku a Czerny n'kusiya mtima wa Beethoven, mphunzitsi wake. Mwana amatha miyezi akungokwera ndi kutsika, akudzudzulidwa pa notsi iliyonse, osalawako nyimbo yoti n'kuikonda, kenako amathawa piyano. Chikhalirecho Czerny yemweyo analandirapo kalata yonena za nkhani imeneyi. Pamene ankaphunzitsa Karl, mwana wa mng'ono wake wa Beethoven, Beethoven anamulembera kuti mwanayo akadziwa zala zoyenera, nthawi ndi manotsi, asamamuimitse pa tizolakwa ting'onoting'ono. Azimusiya amalize nyimbo yonse, ndipo zolakwazo azimuuza pamapeto.

Czerny anamwalira ku Vienna komweko mu 1857, asanakwatirepo.