Mankhwala Othamangitsa Tulo

Kuno ku Mangochi msodzi amene wachezera usiku wonse pa usipa amadziwa kulemera kwa tulo. Alipo mankhwala othamangitsa tulo, otchedwa methamphetamine, ndipo mbiri yake ndi yomvetsa chisoni.

Anayamba kupangidwa ku Japan m'chaka cha 1893 ndi katswiri wina, Nagai Nagayoshi. Mu 1938 Ajeremani anayamba kuwagulitsa m'dzina la Pervitin, ndipo pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse asilikali awo ankameza mapiritsiwa kuti aziyenda osagona. Asilikali a ku Japan nawonso ankapatsidwa. Nkhondo itatha, otsala anasefukira m'misika ya dzikolo, anthu ambiri nasokonezeka mitu, mpaka boma linawaletsa mu 1951.

Nanga ife zikutikhudza bwanji? Ana athu opita ku Joni kukasaka ntchito amakawapeza kumeneko. Ku Cape Town amawatcha tik, ndipo anafala kwambiri kuyambira cha m'ma 2003. Wosuta amaonda, mano amawola, magazi amathamanga mpaka ena kufa ziwalo, ndipo amamva mawu a anthu amene palibe. Ena amafika poopa ngakhale mayi wawo wowabereka.